Tiziputu ta udzu wa pa mabesi: ndipange ndekha kapena ndingogula?

Msilikali28mm:

Abale, ndithandizeni maganizo. Ndili ndi tizidole ta asilikali a 28mm okwana 70, a masewera a nkhondo a patebulo, omwe ndatsala pang'ono kumaliza kupenta. Ambiri ali pa mabesi (timbale tomwe zidolezi zimaimapo) ozungulira a 25mm, ndipo pali mizinga itatu pa mabesi a 60mm. Mchenga ndamata kale, ndaupentanso. Chatsala ndi udzu. Ndikufuna tiziputu tija timaoneka ngati tamera tokha, tomwe pa mapaketi amalemba kuti tufts, osati udzu wongowaza womwe umagona ngati utuchi.

Kwa gulu la chonchi, chanzeru n'chiti: kugula chowazira cha magetsi ndi static grass (tiulusi tating'ono tomwe magetsi amatiimika ngati udzu) n'kumapanga ndekha, kapena kugula mapaketi opangapanga? Ngati n'kupanga, pamafunika chiyani kwenikweni? PVA wamba uja, guluu woyera wa matabwa, amagwira? Nanga utali woyenera ndi uti, poti ndikuona 2mm, 4mm, 6mm mpaka 12mm?

Bulashi_Youma:

Akulu, yambani mwawerenga musanatulutse ndalama. Msilikali akaima pa besi ya 25mm, malo otsala amakhala ochepa: kachiputu kamodzi kapakatikati, mwina ndi kena kakang'ono pambali. Komanso si besi iliyonse yofunika udzu. Gulu lonse likakhala ndi kachiputu pafupi ndi phazi lamanzere, diso limazindikira msanga kuti ndi zoikidwa. Tinene kuti 70 aja adya tiziputu 100, ndipo mabesi a 60mm adya tisanu kapena tisanu ndi kamodzi iliyonse. Simufika ngakhale 130. Paketi imodzi ya kampani ya The Army Painter imakhala ndi tiziputu 77 ta misinkhu itatu, ndiye mapaketi awiri akukwanirani, atatu ngati mukufuna kusakaniza mitundu. Chowazira chabwino pachokha chimaposa mtengo wa mapaketi atatu, tisanawerengere udzu, guluu ndi mapepala omwe muwononge pophunzira. Ngati nkhani yonse ndi gulu limodzili, gulani basi. Makampani a Gamers Grass, Green Stuff World ndi Citadel onse ali nato tomata tokha.

Za utali, werengani ndi sikelo. Asilikali a 28mm a nkhondo za m'mbiri, ngati a masewera a Bolt Action, amatengedwa kuti ndi 1:56. Pamenepo udzu wa 2mm ukuimira masentimita 11, wa 4mm masentimita 22, wa 6mm pafupifupi 34, wa 12mm pafupifupi 67. Ndiye 4mm ndi 6mm ndiwo udzu wa tsiku ndi tsiku, wofika m'katumba. Wa 12mm umapitirira bondo, ndipo pa besi ya 25mm umabisa nsapato ndi miyendo yomwe mwavutika nayo kupenta. Usungireni mabesi a 60mm, kuseri kwa gudumu la mzinga kapena pambali pa mwala. Kwa amene amasewera ndi asilikali a 15mm, ngati a masewera a Flames of War pa 1:100, 6mm yemweyo ndi masentimita 60 kale, choncho iwo amakhala pa 2mm ndi 4mm.

Kupanga nokha kumayamba kupindula mukakhala ndi tebulo lonse lofunika udzu, mapiri ndi m'mphepete mwa mitsinje, kapena magulu angapo, kapena mukafuna mtundu womwe palibe akugulitsa.

Chiputu_Chouma:

Masamu a Bulashi_Youma ndi oona, sindikutsutsa. Koma mwafunsa kapangidwe, ndiye nako, kuti musankhe mukudziwa chomwe mukukana.

Zofunika: static grass wa utali uwiri ndi mitundu iwiri kapena itatu, chowazira cha magetsi, thireyi yachitsulo, pepala losamata, guluu, ndi chodonthezera guluu. Pepala lake ndi lija lophikira makeke lokutidwa ndi silicone, kapena pepala loterera lomwe limatsala mukamatula masitika. Pepala la phula ayi, limakakamira guluu.

Guluu ndi pomwe pagona nkhani. PVA wamba amagwira, koma musamuthire madzi ngakhale dontho. Wosungunula amafalikira, kadontho kamakhala kopyapyala, ndipo tiulusi timasowa pozika. Vuto lina la PVA n'lakuti akauma samatanso, ndiye kachiputu kalikonse kadzafuna guluu wina pokaika pa besi. Tacky glue ndi wolimbirapo, kadontho kake kamaima ngati kachulu, ndipo ndi amene amagwira bwino udzu wa 6mm. Ngati mukufuna tomata tokha ngati togula, pamafunika guluu yemwe amakhalabe wonata akauma, monga Aleene's Tack-It Over & Over, kapena guluu wa tiziputu yemwe Green Stuff World amagulitsa. Aliyense mwa amenewa, sakanizani ndi kadontho kamodzi ka penti wa acrylic wa mtundu wa dothi pa sipuni yaing'ono imodzi ya guluu. Tsinde la kachiputu likakhala lodera, limabisala mu mchenga. Likakhala loyera kapena loonekera, limawala ngati galasi pansi pa udzu.

Yalani pepala pa thireyi, lipanikizeni ndi timaginito m'makona kuti lisanyamuke. Panani kachingwe ka chowazira ku thireyiyo. Donthezani guluu m'timadontho ta 3mm mpaka 6mm m'lifupi, motalikirana pafupifupi 15mm. Pa mpata umenewu pepala la A4 limatenga mizere 13 ya timadontho 19, kutanthauza pafupifupi 250. Koma musadontheze pepala lonse nthawi imodzi. Guluu amachita kakhungu pamwamba m'mphindi zochepa, ndipo kakhunguko kakangobwera tiulusi timadumpha m'malo molowa. Chitani timadontho 20 kapena 30, wazani, kenako pitani pa ena. Ndiponso musamange timadontho tozungulira bwinobwino tokhatokha. Kokerani ena ndi kamtengo kotokosera mano kuti akhale otalika ngati nyemba, ena a makona, ena awiri olumikizana. Apa ndi pomwe kupanga nokha kumaposa kugula, chifukwa togula tambiri ndi tozungulira ndipo timafanana.

Udzu usakanizeni musanauthire mu chowazira. Wobiriwira wa mtundu umodzi umaoneka ngati kapeti ya pulasitiki. Yesani magawo awiri a wobiriwira wodera, gawo limodzi la wachikasu ngati udzu wouma, ndi kochepa kwambiri ka wofiirira. Dzazani chowazira gawo limodzi mwa atatu, osapitirira theka.

Wazani wautali poyamba. Gwirani chowazira masentimita awiri mpaka anayi pamwamba pa pepala, dinani batani, gwedezani pang'onopang'ono mpaka timadontho tonse titakwiririka. Zimitsani, tembenuzani thireyi pamwamba pa bokosi, igogodeni kumsana kuti wosamata ugwe, ndipo umenewo mudzaugwiritsanso ntchito. Wazaninso wautali kachiwiri. Kachitatu ndi pomwe muwaze waufupi, 2mm kapena 4mm, kuti utseke mipata ya m'munsi. Mukayamba ndi waufupi umalanda malo onse pa guluu, wautali n'kusowa polowa, ndipo mumapeza kachiputu kafupi kokhala ndi titsitsi tiwiri titatu totalika. Pomaliza, guluu akadali wamuwisi, dutsitsani chowazira chopanda udzu chili choyaka pamwamba pake. Mphamvu ya magetsi imakoka tiulusi topendama n'kutiimika.

Siyani ziume usiku wonse, ndipo timadontho tikuluikulu tipatseni maola 24. Ngati maginito agwira bwino, umitsani thireyi ili chozondoka, itatsamira pa mabuku mbali ziwiri, kuti udzu wautali usagwere m'mbali. Pomatula musakoke nsonga. Pindani pepala pansi pa kachiputu, m'mphepete mudzanyamuka mokha, kenako lowetsani twiza pansi pa tsinde.

Mawaya_Awiri:

Ndionjezere za chowazira, chifukwa ndicho chimapangitsa anthu kuganiza kuti kupanga n'kodula.

Ntchito yake ndi yophweka. Sefa yachitsulo imalumikizidwa ku mbali imodzi ya magetsi a mavolti ambiri, thireyi ku mbali inayo. Pakati pa ziwirizi pamakhala mphamvu yokoka, ndipo kaulusi ka nayiloni kapena rayon kakadutsa mu sefa kamawongoka kutsata mphamvuyo, n'kugwa chamutu mu guluu. Ndiye zinthu ziwiri zimalamulira zonse: kuchuluka kwa mavolti ndi mpata wa pakati pa sefa ndi thireyi. Mukatalikitsa mpata, mphamvu imachepa. Mukayandikitsa kwambiri, pamathetheka moto.

Chotchipa kwambiri ndi chopanga nokha kuchokera ku raketi ya magetsi yophera udzudzu, ija ya mabatire awiri a AA. Mumachotsa ukonde wake, waya umodzi n'kuwotcherera ku sefa ya tiyi yachitsulo, winawo n'kuutalikitsa ndi kuika kopanira kumapeto. Mavolti ake ndi masauzande ochepa chabe. Udzu wa 2mm ndi 4mm imauimika bwino, wa 6mm theka umaima theka umagona, wa 12mm musavutike n'komwe. Chachiwiri ndi chomangidwa ndi negative ion generator (kachipangizo kotulutsa mavolti ambiri) ya 12V yoikidwa mu paipi ya pulasitiki, ndi kabotolo kokhala ndi ukonde wachitsulo kukamwa. Chimenechi chili ndi mphamvu yokwanira udzu wautali. Chachitatu ndi zogula, monga Gras-Master ya Noch, Static King ya Woodland Scenics kapena Pro Grass ya War World Scenics. Izi anazipangira makamaka okuta malo aakulu pa njanji za zidole ndi matebulo, ndipo n'chifukwa chake kugula chimodzi chifukwa cha mabesi 70 n'kuwononga.

Kwa tiziputu pali njira ina yomwe imaposa zonsezi, yomwe amaitcha flock box. Udzu mumauwaza pa mbale yachitsulo ya magetsi, pepala la guluu mumalimata pa kachitsulo kolumikizidwa ku waya winawo, n'kuligwira chozondoka pamwamba pa mbaleyo. Tiulusi timadumphira m'mwamba. Ubwino wake n'ngwakuti kaulusi kopanda mphamvu yokwanira sikafika n'komwe pa guluu, ndiye palibe togona. Ndi chowazira cha pamwamba, tina timangogwa ndi kulemera kwake n'kugona pa guluu chopingasa.

Maso a sefa nawonso ali ndi gawo. Sefa ya tiyi ndi yothinana, yabwino kwa 2mm. Udzu wa 6mm umatsekeka m'menemo, umafuna ukonde wa maso otakasuka.

Chenjezo, ndipo izi si zocheza. Raketi ili ndi capacitor yomwe imasunga magetsi ngakhale mutasiya batani, choncho musanakhudze sefa, igunditseni ku kopanira kaja kuti ithetheke kaye. Musamange chowazira ndi ion generator yolowa mwachindunji ku magetsi a pakhoma, gwiritsani ya 12V. Amene ali ndi kachipangizo kothandiza mtima kugunda asayandikire zida zimenezi. Chotsani patebulo sipiriti, thina ndi zitini za penti wopopera, chifukwa kamoto kamodzi n'kokwanira. Valani chotchinga pamphuno, tiulusi ta 2mm timauluka ponseponse, ndipo asilikali omwe penti wawo sanaume akhale m'chipinda china.

Msilikali28mm:

Zikomo nonse. Ndabwereka chowazira cha raketi n'kuyesa pepala limodzi ndi PVA ndi udzu wa 6mm. Zotsatira zake: tiziputu tambiri tatambasuka ngati nyenyezi m'malo moima, udzu ukupanga timipira mu sefa n'kukana kutuluka, ndipo pomatula tina tikung'ambika pakati, guluu n'kutsalira pa pepala. Tomwe tatuluka bwino tili ndi kamkombero kowala kuzungulira tsinde. Ndalakwitsa pati? Thireyi ndi ija yakuda yosamata.

Mawaya_Awiri:

Thireyi yakudayo ndiyo woyamba kumukayikira. Chokutira chake chosamatacho sichidutsa magetsi bwino, ndiye kopanira kanu kaluma chokutira, osati chitsulo. Palani pakona ndi sandipepa mpaka chitsulo chiwale n'kupana pamenepo, kapena yalani foyilo ya aluminiyamu pa thireyi, pepala pamwamba pake, kopanira ku foyiloyo. Pepala likhale limodzi, osati lopindidwa kawiri, ndipo ligone osasiya mpweya pansi. Poyesa, gunditsani sefa ku foyilo batani lili lodinidwa: pakapanda kuthetheka ndi kaphokoso komveka, ndiye kuti mabatire atha kapena waya waduka pomwe munawotcherera.

Ngakhale mukonze zonsezo, raketi ndi 6mm sizimvana kwenikweni. Tsikirani pa 4mm, muyandikitse sefa pa masentimita awiri, muona kusintha. Dziwaninso kuti kutambasuka pang'ono m'mphepete si vuto, udzu weniweni umatero. Vuto ndi pamene pakati pomwe pagona.

Chiputu_Chouma:

Timipirato ndi chinyezi pamodzi ndi kudzaza kwambiri. Static grass akakhalitsa m'thumba amaumbika, ndipo kukakhala chinyontho zimanyanya. Mupukuseni ndi zala, mudutsitse kaye mu sefa youma kugwera m'mbale, kenako muthire pang'ono mu chowazira. Posunga ikani m'botolo lotseka bwino ndi kathumba ka silica gel koyamwa chinyezi.

Kung'ambika kuli ndi zifukwa zitatu, ndipo mungazisiyanitse poyang'ana. Ngati guluu wotsalira pa pepala ndi woyera ngati mkaka, sanaume: pamwamba pamauma msanga koma pansi, pomwe pakhudza pepala losalowa mpweya, pamachedwa. Suzumirani kumsana kwa pepala poliunika, muyembekeze mpaka kuyerako kutatha. Ngati ndi wouma koma wopyapyala ngati khungu la anyezi, guluu anachepa kapena anali wamadzi, ndipo kadontho kotsatira kakhale kotumphuka, pafupifupi 1mm kutalika. Ngati pepala lenilenilo likunyotsoka n'kutsatira kachiputu, ndiye kuti pepalalo si la silicone.

Kamkombero kowala kamabwera pamene m'mphepete mwa kadontho munauma udzu usanafike, kapena munawaza kamodzi kokha. Pa pepala lotsatira chepetsani timadontho pa ulendo umodzi, ndipo mukamaliza kuwaza thirani flock (tizinyenyeswa tonga utuchi towaza pa mabesi) wosalala wa mtundu wa dothi pamwamba ndi zala. Amagwera pakati pa tiulusi n'kumata paliponse pomwe guluu akuonekera. Tomwe mwapanga kale musataye. Dulani mkomberowo ndi kalumo kakang'ono, kapena mukamata pa besi pakani PVA pang'ono kuzungulira n'kuwaza mchenga wosalala.

Bulashi_Youma:

Mwaona tsono chomwe chimabisika m'masamu: pepala loyamba ndi lachiwiri amakhala ophunzirirapo chabe. Ndipo kunena mosabisa, tiziputu ta raketi sitifika pa kuthinana kwa togula. Tikaikidwa pa besi imodzi kusiyana kumaoneka. Opanga nokha amapambana pa mtundu ndi maonekedwe, ogula amapambana pa kuthinana ndi pa udzu wautali.

Koma nkhani ya mtundu ili ndi njira yachidule. Gulani tiziputu ta mtundu wowala, wa udzu wouma, n'kutipenta tikadali pa pepala lake. Wash (penti wamadzimadzi wodetsera) wobiriwira kapena wabulauni wosungunulidwa, gawo limodzi la wash ku magawo awiri a madzi, mumamudontheza patsinde ndi bulashi n'kusiya akwere yekha. Nsonga zimatsala zowala, pansi n'kudera, ngati udzu weniweni. Wash wosasungunula amamatitsa tiulusi pamodzi, kachiputu n'kuuma ngati nsonga ya bulashi yosatsuka. Kuwalitsa kachiputu kodera n'kovuta, kudetsa kowala n'kosavuta, choncho pokayika gulani towala.

Togula kapena topanga, kamatidwe kake n'kamodzi, ndipo apa ndi pomwe ambiri amaonongera ntchito yabwino. Vanishi ayambe, udzu ubwere pambuyo. Vanishi wopopera akagwera pa kachiputu amapanga timikanda pa tiulusi n'kutiumitsa, nthawi zina n'kutiyeretsa ngati chisanu. Guluu wa kumsana kwa togula musamudalire pa mchenga: amangokhudza nsonga za timiyala, ndipo pakapita miyezi ya kulowa ndi kutuluka m'bokosi kachiputu kamagwa. Ikani kadontho ka PVA kochepa kuposa tsinde lake. Superglue wamadzi mupeweni, amakwera m'tiulusi n'kutiumitsa ngati minga, komanso nthunzi yake imasiya zoyera pa nsapato za msilikali. Ngati mukufulumira, gwiritsani wa gel, kadontho konga mutu wa phini.

Mukaika, musakanikize ndi chala pamwamba. Lowetsani kamtengo kotokosera mano pakati pa tiulusi mpaka pa tsinde, kanikizani pakati, kenako m'mphepete malo atatu kapena anayi kuti tsinde litsate mabampu a mchenga. Likatsala lolendewera mbali imodzi, pansi pake pamaoneka kamthunzi ndipo kachiputu kamakhala ngati kayandama.

Pa mabesi a 25mm, dulani tiziputu tapakatikati pawiri ndi lumo kuchokera kumsana. Mbali yowongokayo muigunditse ku mwala, ku nsapato kapena ku chitsa, ndipo udzu umaoneka ngati ukutuluka pansi pa chinthucho. Izi zikutanthauzanso kuti paketi ya 77 ikhoza kukupatsani zidutswa zoposa 100. Kachiputu kasatulukire kunja kwa mkombero wa besi, chifukwa asilikali akagundana pa mzere kamapindika ndipo sikadzukanso.

Chiputu_Chouma:

Chimodzi chomwe chatsala, poti mwatchula mabesi a 60mm: pamenepo pamafunika kusiyanitsa misinkhu, apo ayi besi imaoneka ngati munda wobzala m'mizere. Ikani kachiputu kamodzi kakakulu, tiwiri tapakatikati tokhudzana nako, ndi tating'ono tingapo tomwazika chakutali, gawo lina la besi n'kulisiya dothi lokhalokha, makamaka pomwe asilikali a mzinga amaponda ndi kumbuyo kwa magudumu. Pakati pa tiziputu pakani PVA mopyapyala n'kuwaza 2mm ndi raketi mwabwerekayo, kopanira katapanidwa ku kaphini kobayidwa mu guluu wamuwisiyo. Pa ntchito imeneyi raketi imakwanira bwino lomwe, ndipo udzu waufupiwo ndi umene umalumikiza tiziputu togula ndi dothi kuti tisaoneke ngati zilumba.

Mukafuna maluwa, tengani PVA pang'ono pa bulashi yophwatalala, mukhudze nsonga zokha za kachiputu ka 6mm, n'kukaviika chozondoka mu flock wa siponji wosalala kwambiri, woyera kapena wachikasu. Guluu akatsikira m'munsi, flock amadzaza kachiputu konse n'kukhala chibuma. Pa gulu la 70, mabesi asanu kapena asanu ndi imodzi okhala ndi maluwa ndi okwanira.

Pomaliza penipeni dutsitsani bulashi youma ya penti wa mtundu womwe munamalizira nawo mchenga pa nsonga za udzu wonse, wogula ndi wopanga womwe. Pukutani bulashi pa pepala mpaka isasiye chizindikiro, ndipo muikoke kuchokera m'munsi kupita m'mwamba kuti tiulusi tisagone.